Kalata kwa mwana wanga: samala mbalame zako kunyanjako

Mwana wanga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse ku Mangochiko, iwe, apongozi anga ndi adzukulu. Kuno tadzuka, ndipo mayi ako akupereka moni.

Zithunzi zija unatumiza pa WhatsApp ndaziona. Nkhunda zanenepa, ndipo tizinkhwe tija wagulira ana, ta mtundu wa budgie, n'tokongoladi. Koma pa chithunzi china ndaona khola la tizinkhweto lili pakhonde, pafupi ndi mgolo wa madzi wosavundikira. Ukauvundikire lero lomwe, usadikire mawa.

Pakhomo, mbalame zambiri zimafera mumgolo, m'ndowa ndi m'beseni la zovala zonyikidwa. Mbalame ikamva ludzu imatera m'mphepete mwa mgolo, madzi ali pakatikati, n'kuweramira kuti ifikire. Ikaterereka basi yagwera. M'kati mwa pulasitiki mulibe pogwira zikhadabo, nthenga zikanyowa zimalemera, ndipo imaphupha mpaka mphamvu zitatha, munthu ali chapompo akutsuka mbale osamva kanthu. Amene amagweramo kwambiri ndi maunda ongotuluka kumene m'chisa, a masabata anayi kapena asanu, chifukwa sanadziwe kutera bwino. Ngati chovundikira palibe, ikamo thabwa kapena ndodo yokhakhala yotsamira m'mphepete kuti yogweramo ikwerepo. Madzi a sopo ndiye oipa kawiri. Mbalame ikamwa amaipweteka m'mimba, ndipo sopoyo amachotsa mafuta a m'nthenga moti ngakhale uivuule imazizidwa msanga. Mukatha kuchapa muzitaya madziwo nthawi yomweyo.

Sindikunena kuti uzimane kusamba. Nkhunda zimakonda madzi, ndipo ukapanda kuzipatsa posambira zidzadzifunira zokha pamalo pangozi. Uziika beseni lotambalala pabwalo m'mawa, madzi osapitirira masentimita 5. Zimalowa zingapo nthawi imodzi, kutukula phiko, kuviika chifuwa, kenaka kukagona chammbali padzuwa. Zikatuluka udzaona pamwamba pa madzi pali nkhungu yoyera ngati ufa. Usadabwe, si matenda ayi, ndi fumbi la m'nthenga zawo. Ungotaya madziwo zisanayambe kumwa. Tizinkhweto kwawo ndi ku Australia, kumadera ouma, ndipo sitifuna madzi ambiri. Kambale kosaya ka masentimita 2 n'kokwanira, kapena masamba onyowa oti tizidzikhulapo. Uzitipatsa m'mawa kuti pofika madzulo tikhale titauma, makamaka mu June ndi July mwera ukamaomba. Kamodzi kakagwera m'madzi, ukakulunge m'nsalu youma n'kukaika pofunda m'nyumba, koma osati pafupi ndi mbaula. Utsi wa makala umene iwe sukuumva n'komwe ungakaphe. Chimodzimodzi mankhwala opopera udzudzu ndi makoyilo.

Madzi akumwa uzisintha tsiku lililonse, ndipo akhale omwewo mumamwa inu, osati otunga padooko pamene anthu amachapira. Nkhuku imamwa n'kuyang'ana kumwamba, koma nkhunda imamiza mlomo wonse n'kumatsopa. Choncho imodzi ikadwala matenda aja otulutsa zinthu zachikasu kukhosi, zonse zomwera mbale imodzi zimatengera, ndipo makolo amapatsira maunda powadyetsa. Chitopanso sichisiya nkhunda. Ukaona ina yapinda khosi kapena ikuzungulira pamodzimodzi, uyipatule msanga n'kuitana alangizi a ziweto. Nkhuku zizimwera kwina.

Tsopano za panja. Ndi bwino kutulutsa tizinkhwe kuti tiwothe dzuwa la m'mawa, koma kumbukira kuti mbalame ya m'khola singathawire pamthunzi. Umaika khola pansi pa mtengo 8 koloko, pofika 11 koloko mthunzi wasuntha, khola lili padzuwa lenileni, ndipo dzuwa la ku Mangochi mu October ukulidziwa wekha. Mbali imodzi ya khola uzifunditsa chitenje nthawi zonse. Ukaona kambalame kayasamula kukamwa, mapiko katalekanitsa ndi thupi, katenthedwa kale. Kalowetse m'nyumba, ukawaze timadzi pang'ono.

Adani ndiye kunyanjako ndi ambiri. Kabawi amachokera kumwamba, khwangwala amadikira padenga, mphaka wa aneba amalowetsa dzanja pakati pa mawaya. Ngakhale asakagwire, kambalame kochita mantha kamadziwombetsa kumawaya mpaka kuthyoka phiko. N'chifukwa chake khola likakhala panja, munthu wamkulu akhale pompo. Mawu oti ndingopita pagolosale ndibwera pompano ndi amene amaliritsa ana. Chitseko uzimanga ndi waya, poti zinkhwe zimaphunzira kutsegula ndi mlomo. Khola la nkhunda likhale pansanamira zazitali, ndipo nsanamirazo uzikute ndi lata kuti makoswe, njoka ndi ng'azi zisakwere. Ng'azi imakwera mtengo bwinobwino ndipo mazira ndi ndiwo yake. Mvula ikayamba, uzithira phulusa kuzungulira nsanamira, chifukwa linthumbu limatha maunda usiku umodzi.

Adzukulu anga adzakupempha kuti apite nako kanzinkhwe kugombe kali paphewa. Ukane, ngakhale alire. Ena adzakuuza kuti ukadula nthenga za phiko sikangauluke, koma mphepo ya kunyanja imakanyamulabe, ndipo kakagwera pamadzi sikangadzuke. Nkhunda yozolowera khola imabwerera yokha madzulo. Kanzinkhwe kobadwira m'khola sikadziwa denga la kwawo, kakadzidzimuka kamangouluka kulowera kumene kaloza. Nkhunda zatsopano nazo uzitsekera masabata angapo usanazimasule, apo ayi zibwerera kwa amene unazigula.

Pa chakudya ndingokukumbutsa ziwiri. Chimanga chothira Actellic usazipatse, ndipo ana asayese kugawira tizinkhwe mapeyala, ndi poizoni kwa ito.

China n'chakuti popeza anthu adziwa kuti umaweta mbalame, wina adzabwera ndi tizinkhwe tobiriwira ta nkhope yofiirira, mtengo wotsika. Usagule. Mtundu umenewo kuno kwathu umapezeka kunkhalango ya Liwonde, m'mitengo ya tsanya, ndipo tikuchepa kale chifukwa timafa tikamwa pamathamanda amene opha nyama mozemba athirapo poizoni. Kugwira mbalame zam'tchire popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo wogula naye sapulumuka.

Mdzukulu wanga wamkuluyo wafika poti angapatsidwe ntchito. Akhale ndiye wosintha madzi m'mawa asanapite kusukulu, iwe uzingoyang'ana ngati watsukadi mbale. Undiuze nkhundazo zikayamba kuikira, ndipo upereke moni kwa apongozi anga.

Ndine bambo ako.