Lipoti la msonkhano wa mapuloteni a mu umuna wa tizilombo

A wapampando ndi mamembala nonse, zikomo pondituma ku msonkhanowu. Ndikudziwa kuti ena munadandaula kuti alawansi yapita ku nkhani ya umuna wa ntchentche pamene udzudzu ukupha anthu. Werengani kaye, mugamule pambuyo.

Zokamba zotsegulira ndi gawo la mapulogalamu a kompyuta osanja mayina a mapuloteni zinali zamwambo chabe, ndizidumpha.

Chomwe chinandigwira mtima ndi momwe DNA imapanikizidwira m'mutu wa umuna. M'selo wamba, DNA imakulungidwa pa mapuloteni otchedwa histone. Umuna ukamakhwima, ma histone ambiri amachotsedwa ndipo m'malo mwake mumalowa mapuloteni ang'onoang'ono a mtundu wa protamine. Amenewa ali ndi arginine ndi lysine wochuluka (tizidutswa tomangira mapuloteni), ndiye amakhala ndi mphamvu ya magetsi ya positive, pomwe DNA ili ndi ya negative. Zikagwirana, DNA imafinyika mpaka mutu wa umuna wa ntchentche ya Drosophila melanogaster umaonda ngati singano. Mwa mapuloteni ogwira ntchitoyi muli Mst35Ba, Mst35Bb ndi Mst77F.

Apa ndi pomwe nkhaniyi ikukhudzira ntchito yathu. Bakiteriya wa Wolbachia amakhala m'maselo a tizilombo tambirimbiri. Kachilombo kakamuna komwe kali naye kakakwera kakakazi kopanda bakiteriyayu, mazira saswa. Mu 2017 akatswiri anapeza majini awiri a mwa Wolbachia oyambitsa zimenezi, cifA ndi cifB, ndipo kafukufuku wotsatira anaonetsa kuti mapuloteni ake amasokoneza kusinthana komweku kwa histone ndi protamine. Njira yotulutsa udzudzu waumuna wa Aedes aegypti wokhala ndi Wolbachia pofuna kuchepetsa udzudzu wofalitsa matenda a dengue yatsamira pa kusaswa kwa mazira kumeneku. Ndiye amene amati izi n'zongosangalatsa ophunzira, andiuze nzeru imeneyi inachokera kuti.

Za mchira wa umuna nazonso zinandidabwitsa. Mu umuna wa nyama zambiri, timachubu ta m'kati mwa mchira timasanjidwa 9+2 (magulu 9 mozungulira, tiwiri pakati), koma wa tizilombo tambiri uli ndi 9+9+2, kutanthauza tina 9 towonjezera kunja kwake. Mu umuna wa tizilombo, ma mitochondria (tizigawo topanga mphamvu m'selo) amalumikizana n'kutambasuka motsatira mchira wonse, ndipo mkati mwake mumadzaza puloteni youndana mwadongosolo, yomwe Baccio Baccetti ndi anzake anaitcha crystallomitin mu 1977. Umuna wa Drosophila bifurca umatalika pafupifupi masentimita 5.8, kuposa thupi la ntchentcheyo maulendo pafupifupi 20. Nditaona chithunzi chake utakulungidwa, ndinasowa chonena. Panalinso zokamba za umuna wa agulugufe wopanda nucleus (mosungira DNA m'selo), ndi za momwe mfumukazi ya njuchi imasungira umuna wamoyo kwa zaka.

Pa Anopheles gambiae, udzudzu wofalitsa malungo, waumuna amasiya chotsekera m'thupi la waukazi, chopangidwa ndi puloteni ya Plugin yomwe enzyme ya transglutaminase imaumitsa. Chotsekeracho chikalephera kupangika, umuna susungika bwino. Kuyamba kuphunzira zimenezi sikulira zida zambiri, koma tiyamba bwanji maikulosikopu yathu idakali yowonongeka? Nkhaniyi ndinaidzutsa pa msonkhano wathu wapitawo, komiti inati idikire. Firiji nayo ikazima, zitsanzo zomwe ana asukulu anatolera movutikira zimawola, ndipo palibe amene amayankhapo.

Msonkhano wa mapuloteniwo unagwirizana kuti magulu opanda zida azitumiza zitsanzo ku ma labotale akuluakulu. Ine sindinakondwe nazo. Tikamangotumiza, luso lonse litsalira kumeneko, ife tidzakhala otolera udzudzu basi. Ndinapempha kuti mgwirizano uliwonse uzinena za kuphunzitsa wophunzira wathu ndi kulemba mayina athu pa zotsatira. Ena anavomereza, koma sizinalowe m'mfundo zomaliza.

Choncho ndikupempha kuti tisasayine kalikonse mfundo ziwirizi zisanalembedwe, ndiponso kuti kukonza maikulosikopu kukhale koyamba pa ajenda ya msonkhano wathu ukubwerawu.