Za mafuta a m'magazi bwanji sitiyezedwa?

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga ndinenepo za kuyeza mafuta a m'magazi. Ukapita ku kiliniki ya BP ndi shuga amakumanga lamba pamkono, kukubaya chala, nkukupatsa mapilisi basi, koma za kolesterolo, mafuta a m'magaziwo, zii. Ukafunsa akuti ku labu zipangizo zake palibe, mukayezetse ku pulayiveti, nanga munthu wamba ndalama yake aitenga kuti?

Ambirife sitidziwa kuti mafuta sasungunuka m'magazi, ndiye thupi limawakulunga ndi puloteni kuti aziyenda, timatumba timeneti ndi tomwe a ku labu amati ma lipoprotein. Mwa ma lipoprotein amenewa, otchedwa LDL ndi amene amakanirira m'khoma la mitsempha yodyetsa mtima, njira nkumachepa pang'onopang'ono ngati paipi yadzimbiri, tsiku lina magazi aundana pomwepo yatsekeka, munthu kungogwa pamsika atagwira pachifuwa thukuta lili kamukamu, ife pamaliro nkumanong'onezana kuti amulodza. Otchedwa HDL ndi amene amatola mafutawo kubwerera nawo kuchiwindi. Sizachilendo izi, kafukufuku wa ku Framingham ku America anayamba mu 1948 ndipo anaonetsa poyera kuti kolesterolo wokwera, BP ndi fodya ndi zomwe zimadwalitsa mtima.

Chondidetsa nkhawa nchoti mafutawa akakwera sumva kuwawa paliponse. Komanso tisamanamizane kuti ndi za mabwana onenepa odya nyama daily ayi. Pafupifupi munthu mmodzi mwa 250 aliwonse amachita kubadwa nalo vutoli, wowonda bwinobwino, ndiwo zake therere ndi usipa, koma LDL ili mmwamba chiyambire ali mwana. Palinso lipoprotein ina yodwalitsa mtima yotchedwa Lp(a) yomwe anaitulukira Kåre Berg wa ku Norway mu 1963, iyi ndi yakumtundu, kusala mafuta kaya kuthamanga mmawa sikuitsitsa kwenikweni, ndipo ife anthu akuda timakhala nayo yokwerako kuposa azungu. Mu 2019 madokotala a mtima a ku Ulaya analangiza kuti munthu wamkulu aziyezedwa Lp(a) ngakhale kamodzi pamoyo wake, ife kuno ngakhale dzina lake sitinalimvepo.

Kuyeza kwake nkosavuta, magazi pang'ono a pamkono basi. Kolesterolo yense akapitirira 5 mmol/L dokotala amaunikanso zaka zako, BP, shuga ndi fodya, nkuona ngati ukufunika mankhwala monga simvastatin kapena atorvastatin, omwe masiku ano sodula ngati kale.

Sindikunena kuti Unduna wa Zaumoyo uyeze dziko lonse mawa ayi, ndikudziwa chuma nchovuta. Koma ayambe ndi a shuga, a BP, amene anagwidwapo sitiroko, ndi iwo omwe bambo kaya mchimwene wawo anafa ndi mtima asanakwane zaka 55, awa aziyezedwa pachipatala chachikulu cha boma lawo ulere, zotsatira zilembedwe m'buku lawo lakuchipatala lija.

Wowerenga wanu,
Zomba