Kalata ya tiana ta magupi

Mufakose, Harare

Achimwene,

Uthenga wanu ndinaulandira Lamlungu, koma nkhaniyi si yoyankha ndi chala chimodzi pa WhatsApp, ndiye ndati ndikhale pansi. Kuno tili bwino, kupatula chifuwa cha alamu anu chomwe chabwera ndi kuziziraku.

Mwati gupi wanu, kansomba koweta m'thanki kaja, anabereka usiku, m'mawa munawerenga tiana 14, pofika madzulo tinatsala 3. Musasake mfiti. Watidya ndi mayi wake yemweyo, mothandizana ndi anzake a m'thankimo. Ife tinakula tikudziwa chambo chosunga ana m'kamwa osawameza, ndiye timayesa nsomba zonse zili ndi mtima umenewo. Gupi ayi. Sayikira mazira, amabereka tiana tosambira kale, totalika mamilimita 6 basi, ndipo akangomaliza kubereka ubale wathera pomwepo. Chilichonse chokwana m'kamwa kwa iye ndi ndiwo.

Musadandaule kwambiri, abereka ena. Mimba yake imatenga masiku 21 mpaka 30, ndipo wamkazi amasunga umuna m'thupi, moti angabereke kangapo ngakhale wamwamuna mutamuchotsa. Mukaona mimba yatukumuka ngati bokosi, kadontho kakuda ka kumunsi kwa mimba kakula, iye akudzipatula pakona osafuna kudya, dziwani kuti masiku akwana. Timabokosi tapulasitiki toberekeramo ine sinditikonda. Nsomba imapanikizika mmenemo. Ndimadzaza ngodya imodzi ndi zomera za m'madzi, monga java moss, tiana n'kumabisalamo. Kukacha ndimatitunga ndi kapu, osati neti, kupita nato m'kathanki kena ka malita 20 komwe ndathiramo madzi ochokera m'thanki yomweyo.

Koma chimene ndakulemberani kalatayi si mayi wodya ana. Mayi amadya ochepa. Amene anandimalizira ine tiana ndi kuzizira ndi dzanja langa lomwe.

Mukukumbukira Juni wa kuno, mmene tinkadikirira kombi yopita m'tauni manja ali m'khwapa? Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500, ndipo usiku wa Juni ndi Julayi umatsika pansi pa madigiri 10. Pomwe nsombazi kwawo ndi kotentha, ku Trinidad ndi ku Venezuela. Dzina lomweli linachokera kwa Robert Guppy amene anatumiza zina ku London kuchokera ku Trinidad mu 1866. Tiana timafuna madzi a madigiri 24 mpaka 27, osasinthasintha. Chaka chatha magetsi anazima usiku wonse, hita inangokhala chitsulo chozizira m'madzi. M'mawa ndinapeza tiana tagona pansi, zipsepse zitafinyika. Kathanki kakang'ono kamazizira msanga kuposa yaikulu, ine zimenezo sindinaziganize. Masiku ano magetsi akapita ndimafunditsa thanki bulangete, n'kuyandamitsamo botolo la madzi ofunda lotseka bwino. Alamu anu amati nsomba zimafunda bwino kuposa iwo. Sindinawatsutse.

Za dzanja langa: ndinamva kuti chachikasu cha dzira lophika chimakuza tiana, n'zoonadi, koma ine ndinathira ngati ndikudyetsa nkhuku. Pofika mawa lake madzi anachita mbuu, fungo lili guu. Zotsala zikaola zimatulutsa amoniya, ndipo amoniya amawotcha makha a nsomba. Timimba ta tiana n'tating'ono, choncho muzitipatsa kanayi kapena kasanu pa tsiku, koma pang'ono, koti titha m'mphindi ziwiri. Dzira likhale lochepa kuposa mutu wa machesi, osatinso tsiku lililonse. Chakudya cha nsomba zazikulu chija muzichifikisa ndi zala mpaka chikhale ngati ufa woyera. Mukapeza mazira a brine shrimp (tinkhanu ting'onoting'ono ta m'madzi amchere) kumeneko, gulani; amaswa m'madzi amchere pakatha tsiku limodzi kapena awiri, ndipo tiana tikadya mumaona timimba tafiirira. Palibe chimene chimatikuza msanga ngati chimenecho.

Fyuluta yanu yamagetsi yosefera madzi ija imameza tiana. Vekani siponji kukamwa kwake, kapena kansalu ka neti ya udzudzu yomwe sinanyikidwepo m'mankhwala. Pamenepo samalani: neti zonyika zija zimapha nsomba. Momwemonso kupopera udzudzu m'chipinda chomwe muli thanki.

Madzi ndimasintha kawiri pa sabata, gawo limodzi mwa magawo asanu, osati onse. Ndimakoka zinyalala zapansi ndi kapaipi kampweya, kuthira m'ndowa yoyera kuti ndione ngati ndakokera kamwana. Kuno timagwiritsa a pamjigo, ndipo ndimawagoneka m'nyumba kuti alingane kutentha ndi a m'thanki. Inu m'madzi anu a pampopi muli klorini, ndiye gulani madontho ochotsera, ndi odalirika kuposa kungowagoneka. Siponji muzichapira m'madzi akale a m'thanki, chifukwa muli tizilombo tabwino tomwe timathetsa amoniya uja.

Pakatha masabata anayi kapena asanu ndi limodzi muyamba kusiyanitsa: taamuna chipsepse chapansi chimasongoka ngati kamtengo, mitundu n'kuyamba kuonekera kumchira. Tipatuleni nthawi yomweyo, apo ayi pofika miyezi itatu mukhala ndi zidzukulu, nyumba yonse mabeseni okhaokha. Ine ndagawira kale ana a kutchalitchi mpaka makolo awo akundithawa. Ndipo zikakuchulukirani musakataye mumtsinje. Si nsomba zakuno, zimasokoneza eni madzi.

Titatu tatsalato tichotseni lero lomwe. Munditumizire chithunzi cha wamkaziyo atatembenukira chammbali, ndione ngati wayambanso. Moni kwa alamu ndi ana. Amayi akufunsa ngati mubwera pa Khirisimasi, ine ndawauza kuti ndikufunsani.

Ndine mnzanu wa ku Mufakose.