Makompyuta akugona m'malabu pomwe ana athu akusowa powerengetsera kafukufuku

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene ambiri angaione ngati ya azungu kapena ya anthu a madigiri okhaokha, koma ine yandipeza pakhomo panga penipeni kuno ku Dedza.

Mwana wa achemwali anga akupanga masters ya zaulimi, ndipo kafukufuku wake ndi wa chiwawu cha mbatata ya kachewere, akufuna kuona kuti mvula ndi chifunga chathu chino cha ku Bembeke zimagwirizana bwanji ndi nthawi imene matendawa amabuka m'minda. Holide yapitayi anabwera kudzakhala kwathu ndi laputopu yake, ali ndi manambala a mvula a zaka zambirimbiri oti kompyuta iwawerengetse mobwerezabwereza, kusintha apa pang'ono n'kuyambiranso, kusintha apo n'kuyambiranso. Laputopuyo anaiika pa tebulo la pabalaza ataisanjika pa mabuku awiri kuti mpweya uzidutsa pansi poti imatentha ngati mbaula, kafani kake kali fwiii usiku wonse mpaka mayi akunyumba kudandaula kuti tulo sakuliona. Tsiku lachitatu magetsi anathima pakati pa usiku, batire yake ndi yotha kale ija yosafika ndi mphindi 20 zomwe, m'mawa tinamupeza pakhonde atagwira tsaya tiyi atazizira m'kapu. Anangoti "malume zonse zapita, ndiyambirenso." Masiku atatu kupita m'madzi chonchi.

Chimene chinandiwawa kwambiri n'choti pa sukulu ina kufupi ndi kwathu, dzina sinditchula, muli chipinda chodzadza makompyuta a thandizo ovindikiridwa ndi nsalu, kiyi ali ndi munthu mmodzi ndipo akapita ku maliro ndiye kuti labu yatsekedwa sabata yonse. Amayatsidwa mwina maola awiri pa tsiku ana akamaphunzira kutayipa, kwinako akungodya fumbi. Ndiye ndimadzifunsa kuti m'mayunivesite ndi m'makoleji athu, Loweruka ndi Lamlungu komanso usiku wonse, ndi makompyuta angati amene amakhala akugona chonchi pomwe mwana wina akulira ndi laputopu imodzi yotentha?

Anzathu kunjaku vuto limeneli analiona kalekale. Ku yunivesite ya Wisconsin ku America, m'zaka za m'ma 1980, anapanga pulogalamu yotchedwa Condor (pano amati HTCondor) imene ntchito yake ndi kusakasaka makompyuta amene eni ake sakuwagwiritsa ntchito n'kuwapatsa ntchito ya munthu wina, mwini wake akangogwira kiyibodi iyo imachoka mwaulemu n'kukafuna pena. Kwa ife a kumudzi izi si zachilendo ayi, ndi dima basi. Munda ukakukulira umaitana anthu, aliyense amabwera ndi khasu lake, mumagawana mizere, dzuwa lisanapendeke munda watha, mawa mupita kwa wina. Kusiyana kwake n'koti kompyuta siifuna thobwa kapena mowa, imafuna magetsi ndi netiweki.

Mmene zimayendera n'zosavuta kumva. Ntchito yaikulu amaiduladula tizidutswa masauzande, kompyuta yaikulu yogawa ntchito (seva) imatumiza kachidutswa kamodzi kwa kompyuta iliyonse, iyo imawerengetsa n'kubweza yankho n'kulandira kena. Poti sungakhulupirire kompyuta ya munthu amene sukumudziwa, kachidutswa komweko amakatumiza kwa makompyuta awiri kapena kuposa apo n'kufananiza mayankho, ngati mmene timachitira pa banki m'khonde kuti ndalama aziwerenga anthu awiri pamaso pa gulu. Ndipo chimene chinandigwira mtima ine poganiza za mphwanga uja, mapulogalamu ambiri otere amasunga pamene afika pakapita kanthawi, magetsi akathima amadzapitiriza pomwe analekezera, kompyuta ina ikafa kachidutswa kake amakapereka kwa ina.

Njira imodzi yomweyi yatumikira anthu a maphunziro osiyana kotheratu, apa ndi pamene pakusangalatsa. Mu 1999 a yunivesite ya California ku Berkeley anayambitsa SETI@home, anthu wamba m'makomo mwawo kuthandiza kusefa mafunde a wailesi ochokera kuthambo ojambulidwa ndi chimbale chachikulu cha wailesi cha ku Arecibo ku Puerto Rico kuti mwina angamve chizindikiro cha zamoyo zina. Zamoyozo sanazipeze, ntchitoyo anasiya kugawa mu 2020, koma inabala pulogalamu ya BOINC imene mpaka lero ofufuza ena ambiri amakwerapo. Imodzi mwa ntchito zokwera pa BOINC, Einstein@Home ya 2005, yapeza nyenyezi zozungulira mothamanga zija amati ma pulsar, yoyamba mu 2010 inapezeka pa makompyuta a anthu wamba a ku America ndi ku Germany. A masamu ali ndi yawo ya GIMPS kuyambira 1996 yosaka ma prime number akuluakulu, manambala aja ogawika ndi 1 ndi iwo eni basi. Ku CERN, malo aakulu a kafukufuku wa fizikisi ku Ulaya, kumene mu 2012 analengeza kuti apeza kanthu kakang'onong'ono koposa atomu kotchedwa Higgs boson, deta yake ndi yochuluka moti malo amodzi sangaikwanitse, amaigawa ku malo a makompyuta pafupifupi 170 m'mayiko oposa 40.

Mwina wina anena kuti nyenyezi ndi Higgs zitipatsa nsima? Chabwino, tiyeni tibwere pafupi. Folding@home inayamba mu 2000 ku Stanford kufufuza mmene mapuloteni a m'thupi amapindikira, ndipo Covid itavuta mu 2020 anthu anakhamukirako ochuluka zedi moti mphamvu yake inaposa ya makompyuta 500 amphamvu kwambiri padziko lonse ataphatikizidwa, yambiri mwa mphamvuyo ikuchokera m'zipinda zogona za anthu ndi anyamata osewera magemu. World Community Grid imene kampani ya IBM inayambitsa mu 2004 yagwirapo ntchito yosaka mankhwala a Edzi, malungo ndi TB, matenda athu omwe ano amene atimalizira abale. Panalinso malariacontrol.net ya akatswiri a ku Switzerland, yoyerekeza pa kompyuta mmene malungo amafalikira komanso kuti masikito, mankhwala kapena katemera zingachepetse bwanji. Ndipo mu 2019 a yunivesite ya Delft ku Netherlands anayamba Africa Rainfall Project pa World Community Grid yomweyo, kuyerekeza mvula ya kuno kum'mwera kwa Sahara pa timadera ting'onoting'ono n'cholinga chothandiza alimi. Taganizani, munthu ali ku Canada kompyuta yake ikuwerengetsa mvula ya kuno pomwe athu ali pansi pa nsalu.

Mvula ya kuno timaidziwa tonse, ikhoza kugwa ya mkokomo ku Dedza boma koma ku Linthipe kuli gwa, Lizulu kukunyowa Golomoti kukuwotcha. Mlimi wa kachewere ku Tsangano safuna kumva kuti "chigawo chapakati kugwa mvula", akufuna kudziwa za phiri lake. Kuti ufike pa mlingo umenewo pamafunika kuwerengetsa kochuluka, ndipo pambuyo pa anamondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 sindikuganiza kuti alipo amene angati zanyengo ndi nkhani yamasewera.

Tsono ndisaname kuti zonse ndi zokoma. Ine mwini ndinayesapo kuika BOINC pa laputopu yanga, mtima uli m'mwamba kuti nanenso ndathandiza sayansi. Sabata isanathe bandulo inali itapita, mayunitsi a magetsi akutsika ngati madzi a mu ndowa yobooka, ndinaichotsa mwakachetechete osauza munthu. Choncho sindikupempha amayi ogulitsa tomato pa Lizulu kapena mphunzitsi mnzanga wa malipiro othera pa 10 kuti apereke foni ndi bandulo yake ayi, dima la mtundu umenewo ndi la anthu amene magetsi ndi intaneti kwawo n'zotchipa. Komanso si ntchito iliyonse imene imaduladulika, zina monga kulosera nyengo ya mawa zimafuna chimakina chimodzi chachikulu chimene zigawo zake zikuyankhulana mwachangu nthawi yonse, ngati chija cha Lengau chimene anzathu a ku South Africa anakhazikitsa ku Cape Town mu 2016. Ndipo za odwala m'zipatala sungangozimwaza pa makompyuta a anthu osawadziwa, pamafunika malamulo okhwima. Koma ntchito ngati ya mphwanga uja, yobwereza chinthu chimodzi kambirimbiri ndi manambala osiyana, ndiyo yeniyeni yoyenera dima.

Pempho langa likupita kwa akuluakulu a mayunivesite ndi a boma oona za maphunziro ndi sayansi. Msewu ulipo kale, tili ndi MAREN imene ntchito yake ndi kulumikiza masukulu a ukachenjede ndi malo a kafukufuku m'dziko muno, ndipo bungwe la UbuntuNet Alliance lolumikiza maukonde otere kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa likulu lake lili pa Lilongwe pompa, ambiri sadziwa n'komwe. Nanga chikuletsa n'chiyani kuti malabu a ku Zomba, Bunda, Thyolo, Blantyre ndi Mzuzu azibwerekana mphamvu ya makompyuta usiku ndi pa holide? Wa zaulimi alowetse ntchito yake lero, mawa wa za nsomba za m'nyanja, mkuja wa zachuma kapena wofufuza chiyankhulo chathu chomwechi, aliyense pa mzere wake, ndipo amene wapereka makompyuta ambiri akhale ndi gawo lokulirapo akafuna, ngati chipereganyu. Mapulogalamu ake HTCondor ndi BOINC ndi aulere, ndalama ipite ku sola ndi mabatire kuti labu isamathime, komanso kulipira bwino anyamata ndi atsikana a IT oti aziyang'anira, poti chinthu chopanda mwini kuno chimafa mwezi umodzi.

Ndikudziwa pamene pagona vuto, si mawaya ayi koma mtima wa "zathu". Dipatimenti ikapeza makompyuta kudzera ku pulojekiti imawakhomera loko, ngakhale a chipinda choyandikana nacho saloledwa kukhudza, pulojekiti ikatha makinawo amakalamba osagwira ntchito mpaka kudzawatulutsa ali zitsulo. Opereka thandizo nawonso ndiwapemphe, musanagule makompyuta ena atsopano muzifunsa kaye kuti kodi akaweruka eni ake makinawa azitumikira ndani.

Mphwanga uja anabwerera kusukulu. Anandiimbira foni sabata yatha kuti anagawa ntchito ija patatu, anakopera pa fulashi n'kukapempha anzake awiri a m'hostelo kuti malaputopu awo azigona akuwerengetsa usiku, m'mawa iye amazungulira kutolera mayankho n'kuwaphatikiza pamanja, malipiro ake amawagulira chipisi cha pa chiwaya. Akuti mmodzi wayamba kale kudandaula kuti laputopu yake ikutentha, ndiye akusaka wachitatu.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa sayansi,
Dedza