Zoti "imakoka bwinobwino" zitipha pa Chowe

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za katundu wopyola muyezo pa magalimoto okoka thelela, poti kuno ku Mangochi nyengo yokolola ikangokwana msewu wochokera ku Chiponde ndi Namwera umakhala wa nandolo, chimanga ndi fodya basi, ndipo mapakiridwe ake ena ukawaona thupi limachita tsemwe.

Ukafunsa mwini wake kuti bwana kodi sizachuluka izi, amaseka nkumati iyi ndi mashini achimwene, imakoka. Inde imakoka, injini ya dizilo ukaiponya giya yoyamba ikwera nazo ngakhale ikulira. Nanga kuima? Mabuleki anapangidwira kulemera komwe kunalembedwa pa kachitsulo kaja ka pa chitseko kapena pa chasisi, pamene pali GVM, kulemera kwa galimoto ndi katundu wake, ndi GCM, zonse pamodzi ndi thelela. Manambala amenewo ambiri sitinawawerengeko nkomwe.

Pa mathiraki a hosi (mutu wa injini wokoka uja) ndi thelela pali china chomwe eni katundu samva. Thelela ija ilibe matayala akutsogolo, mutu wake umatsamira pa fifth wheel, chimbale chachitsulo chopaka girizi chija cha pamsana pa hosi, ndiye gawo lalikulu la katundu likukanikiza ma ekiselo akumbuyo a hosiyo. Anyamata opakira akaunjika matumba kutsogolo, matani onse atha kukhala olondola pa pepala koma ekiselo imodzi yasenza zopyola, ndipo akaunjikanso kumbuyo kwambiri hosi imapepuka, matayala ake sagwira bwino pansi, pa kona thelela ndiyo imayamba kulamula. Ku America amakoka nyumba zoyenda nazo pa fifth wheel yomangidwa mu bodi ya pikapu ndipo vuto lake ndi lomweli, ekiselo yakumbuyo ndi matayala zimafika pa malire injini isanadandaule nkomwe.

Ife tilibe zimenezo koma tili ndi mapikapu okoka mathelela owotcherera pa msika. Hilux yatsopano ena amailola kukoka 3,500 kg, koma pokhapokha thelela ili ndi mabuleki akeake. Ikakhala yopanda mabuleki ndi 750 kg basi, kuphatikizapo thelela yeniyeniyo, kutanthauza kuti matumba a 50 kg safika ndi 15 omwe. Tsopano muwerenge nokha omwe timawaona aja, mu bodi mwadzadzanso, pamwamba pakhala anthu. Ena amapita kukaonjezera masipuling'i kuti galimoto isaoneke yokhala pansi, chabwino yadzuka, koma mabuleki ndi omwe aja, mabering'i omwe aja, matayala ndi a kaunjika omwe aja. Tayala lililonse lili ndi nambala ya kulemera komwe lingasenze, lolembedwa 112 limasenza 1,120 kg, ndiye muliike pa tala wa Mangochi mu Okutobala masana dzuwa lili pa liwombo mukuona ngati litani.

Mtsetse wa Chowe, pa msewu wochokera ku Namwera uja, suseweretsa. Wautali, makona ake okhota zedi, dalaivala akamangoponda buleki kuchokera pamwamba madiramu amatentha mpaka buleki kumangolowa osagwira, fungo la kupsa lokhalokha, apo kumbuyo kuli matani akukukankha. Ndipo mmunsimo simopanda anthu, muli akabaza, ana asukulu, amayi a nsomba, kenako mlatho wa Bakili Muluzi ndi chipwirikiti cha pa wotchi paja.

Msewu nawo ukulira. Mainjiniya anapeza kalekale kuti ekiselo ikasenza kawiri kulemera kwake, kuwononga kwake pa msewu kumafika pafupifupi ka 16. Msewu wa Liwonde-Mangochi tinaulirira zaka zambiri tisanauone wosalala chonchi, wina aufukule chifukwa chofuna kusunga dizilo wa tiripi imodzi?

Madalaivala sindiwada kwambiri ayi. Ambiri amadziwa zonsezi kuposa ine, koma ukakana bwana amangoti siya makiyi, pa geti pali ena atatu akudikira ntchito. Nchifukwa chake ndikuti chindapusa chizigwera mwini galimoto ndi mwini katundu yemwe, osangomupana dalaivala pa rodibuloko.

Pempho langa kwa a Road Traffic ndi lakuti sikelo ya ku Balaka ili kutali nafe, thiraki yonyamula ku Namwera nkukatsitsa pa boma kapena ku Monkey Bay siidutsako. Miyezi yogula mbewu ino bwerani ndi sikelo yoyenda nayo muiike kumtunda, galimoto isanayambe kutsetsereka, ndipo yopezeka yapyola itsitse matumba pompo isanapitirire. Mapikapu a mathelela aja muziwaimitsanso, muone ngati thelelayo ili ndi mabuleki.

Wokhudzidwa,
Mangochi Boma