Abale akufuna tilembe barrister popanda solicitor pa mlandu wa mwana wa achemwali

Okondedwa Alangizi,

Ndikulemba kuchokera ku Leicester, kuno ku England. Mwana wa achemwali anga, mnyamata wa zaka 27 amene amagwira ntchito yosamalira okalamba, akuimbidwa mlandu wovulaza munthu pa ndewu imene inabuka panja pa malo omwera mowa. Mlanduwu uli pansi pa gawo 47 la lamulo la Offences Against the Person Act la 1861, ndipo chilango chake chikhoza kufika zaka 5 kundende. Ali pa belo, ndipo akaonekera koyamba kukhoti la majisitireti sabata zitatu zikubwerazi. Iye akuti ankadziteteza. Abale ndi anzathu a kumpingo asonkha mapaundi 6,000, ndipo ambiri amanga mfundo yakuti ndalamazi tikapereke kwa loya wotchedwa barrister, tisadzere kwa loya wa mtundu wina wotchedwa solicitor. Ine ndimasunga mafayilo mu ofesi ya maloya, choncho njirayi ndimaidziwa, ndipo sindikuiona kuti ikumuyenera mnyamatayu. Koma sakundimvera.

Kwathu ku Malawi loya ndi mmodzi: amalemba makalata yekha, amasaka mboni yekha, amakaimanso yekha pamaso pa woweruza. N'chifukwa chake achemwali, amene ali ku Kasungu, akuona ngati kulipira maloya awiri n'kuberedwa masana. Kuno ntchitoyi inagawidwa. Solicitor ndiye amayendetsa mlandu tsiku ndi tsiku, barrister ndiye amalankhula m'khoti ndi kupanikiza mboni ndi mafunso. Kuyambira mu 2004 munthu wamba amaloledwa kupita yekha kwa barrister pa njira yotchedwa Public Access, bola barrister wakeyo anachita maphunziro ake apadera. Pa tsamba la intaneti la Bar Standards Board, bungwe loyang'anira ntchito ya ma barrister, pali kaundula amene amaonetsa ngati munthu alidi barrister komanso ngati ali ndi chilolezochi. Mpaka apa abale akunena zoona, njirayi ndi yovomerezeka ndipo nthawi zina imapulumutsadi ndalama.

Chimene sakufuna kumva n'chakuti ukachotsa solicitor, ntchito yake simachoka, imagwera woimbidwa mlanduyo. Barrister saloledwa kuyendetsa mlandu pokhapokha atatenga chilolezo china, chimene chinayamba kuperekedwa mu 2014, ndipo ambiri alibe. Amene abale amupeza alibenso. Tanthauzo lake n'lakuti m'mabuku a khoti mnyamatayu adzaoneka ngati wodziimira yekha. Makalata a khoti ndi a CPS, amene ndi oimira boma pa milandu, azibwera kwa iye. Barrister akhoza kumulembera chikalata, koma wokachipereka pa nthawi yake ndi iyeyo. Mlandu ukapita ku Crown Court, khoti lozenga milandu ikuluikulu, pali chikalata chofotokoza mbali ya woimbidwa mlandu chimene chimayenera kuperekedwa pasanathe masiku 28 kuchokera pamene boma laulula zimene lili nazo, pamodzi ndi maina a mboni zake. Akachedwa, kapena akalemba zosiyana ndi zimene adzanene m'khoti, oimira boma amaloledwa kuuza bwalo kuti likayikire mawu ake. Uyu ndi munthu wogwira ntchito usiku, amene kalata ya khonsolo imatha mwezi ili patebulo osatsegulidwa.

Palinso umboni wofunika kuuthamangira. Makamera a m'masitolo ndi m'mabala ambiri amafufuta zithunzi pakatha masiku pafupifupi 30. Pa mlandu wodziteteza, mphindi ziwiri zoonetsa amene anayamba kuponya chibakera ndiye mlandu wonse. Solicitor akanalemba kale makalata opempha kuti zithunzizo zisungidwe, n'kutuma munthu kukatenga mawu a mboni. Barrister amagwira ntchito payekha, ali ndi kalaliki wosunga ndandanda ya masiku ake basi, alibe anthu oyenda m'misewu.

Za ndalama nazo sizili monga akuganizira. Barrister saloledwa kusunga ndalama za munthu monga amachitira solicitor, choncho amatchula mtengo wa ntchito iliyonse payokha, ndipo umalipira ntchitoyo isanagwiridwe: kukumana koyamba, tsiku loyamba kukhoti, tsiku loyankha mlandu ku Crown Court, kuzenga mlandu kwenikweniko, ndi tsiku lililonse loonjezera. Pamwamba pake nthawi zambiri pamabwera msonkho wa VAT wa 20 pa 100 iliyonse. Pakafunika dokotala woti aunike mabala a wodandaula, timulipira tokha padera. Kumapeto kwa 2024 milandu yodikira ku Crown Court inali itaposa 70,000, ndipo mlandu wa munthu amene ali pa belo umasunthidwasunthidwa. Tsiku likasintha, barrister wathu akhoza kukhala ali pa mlandu wina. Zonsezi zimayenera kulembedwa m'kalata ya mgwirizano imene amapereka poyamba, koma pa msonkhano wa banja palibe anafunsa kuti kalatayo ikuti chiyani mlandu ukalephereka kuzengedwa.

Chimene chikundipweteka mutu kwambiri ndi thandizo la boma lolipirira loya, lotchedwa legal aid. Barrister wolembedwa mwachindunji sagwira ntchito pa legal aid, ndipo malamulo a ntchito yake amamuuza kuti atsimikize kuti munthuyo wadziwa zoti akanatha kulandira thandizoli. Mnyamatayu amalandira pafupifupi mapaundi 25,000 pachaka ndipo alibe mkazi kapena mwana. Ku khoti la majisitireti malire ndi mapaundi 22,325, choncho kumeneko akhoza kukanidwa. Koma mlandu wakewu ndi wa gulu limene likhoza kuzengedwa ku makhoti onse awiri, ndipo ku Crown Court amakana munthu pokhapokha ngati ndalama zomutsalira akachotsa msonkho, lendi ndi zina zofunika zikufika mapaundi 37,500 pachaka. Iye ali kutali ndi pamenepo. Akhoza kuuzidwa kuti azisonkhako mwezi ndi mwezi, kwa miyezi yosaposa 6, ndipo akapezeka wosalakwa amamubwezera. Pamene wolipira yekha ku Crown Court, ngati sanapemphe legal aid n'kukanidwa chifukwa cha ndalama zake, sabwezeredwa zimene analipira loya ngakhale atapambana. Abale ena akuopa kuti chitupa chake chokhalira m'dziko muno chimamuletsa kulandira thandizo la boma. Legal aid siili m'gulu la zimene zimaletsedwazo, ndawauza, koma mphekesera ya pa WhatsApp ikundiposa mphamvu.

Chitupacho ndicho chikupangitsa kuti mlanduwu usakhale wamasewera. Lamulo la UK Borders Act la 2007 limati mlendo akagamulidwa kukhala kundende miyezi 12 kapena kuposa, boma liyenera kuyamba ndondomeko yomuthamangitsa m'dziko. Ngakhale chilango chitachepa, mbiri ya mlandu wovulaza munthu idzaoneka pa kafukufuku wa DBS, amene olemba ntchito amaonera ngati munthu ali ndi mbiri ya milandu, ndiye ntchito yosamalira okalamba ili pachiswe. Ndipo tsiku loyambalo ndi lolemera kuposa m'mene akuliganizira. Wovomera mlandu tsiku limenelo amachotseredwa gawo limodzi mwa magawo atatu a chilango, akachedwa zimatsika kufika limodzi mwa anayi, ndipo pa tsiku lozenga mlandu limodzi mwa khumi. Sindikunena kuti avomere. Ndikunena kuti ayenera kufika tsiku limenelo munthu wina atawerenga kale umboni wa boma n'kumuuza zoona.

Tsono kwabweranso maganizo ena ochokera kumudzi, akuti titume akuluakulu awiri a mpingo akapepese kwa wovulalayo, atatenga kangachepe. Kwathu umenewo ndiwo ulemu. Kuno belo yake imamuletsa kulankhula ndi wodandaula, kaya yekha kaya kudzera mwa wina. Akaphwanya, akhoza kukadikira mlandu ali m'ndende, ndipo otumidwawo akhoza kuimbidwa mlandu wosokoneza chilungamo. Wodandaula alibenso mphamvu yothetsa mlandu, mphamvuyo ili ndi CPS.

Maganizo anga ndi akuti mnyamatayu abwerere kwa solicitor amene anamuthandiza mwaulere kupolisi, kapena wina wogwira za legal aid, apemphe thandizolo sabata ino, ndipo ndalama zosonkhazo tisungire zopereka za mwezi ndi mwezi komanso loya wa za chitupa. Kodi pa nthawi yatsalayi n'kwanzeru kulipira barrister kamodzi kokha kuti aunike umboni ndi kulangiza za khoti loyenera kusankha, kenaka n'kupitiriza ndi solicitor, kapena kutero n'kusokoneza amene adzatenge mlanduwo?

Funso lachiwiri ndi la m'banja. Alamu anga ndi amene anapeza barrister ameneyu, ndipo anthu anasonkha atamva kuti tapeza loya wamkulu wovala wigi. Ndikatchula legal aid, akumva ngati ndikufuna mwana aimiridwe ndi loya wa amphawi. Monga malume ndili ndi mawu, koma ndikakakamiza ndiye mlandu n'kutipita molakwika, achemwali adzati ndinamutaya mwana wawo ndine. Mwini mlandu ali chete, akungoyang'ana amene akulankhula mokweza, chonsecho loya aliyense adzamvera iyeyo, osati ife olipira. Ndiwauze bwanji achemwali ndi alamu popanda kuwachititsa manyazi pamaso pa anthu amene anasonkha, ndipo ndimuthandize bwanji mnyamatayu kuti asankhe yekha?

Ine malume wothedwa nzeru,
Leicester