Kalata kwa a Phiri ku Michigan: za Challenger imene mukufuna kugula

Okondedwa achimwene a Phiri,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Michigan. Kuno ku Blantyre tonse tili bwino. Zithunzi za Dodge Challenger Shakedown yotuwa ija ndaziona, ndipo popeza mwafunsa maganizo anga monga munthu amene wakulira m'galaja, ndikuyankhani mosapsatira mawu. Galimotoyo ndi yabwino, koma ndalama zapamwamba zimene wogulitsayo akufuna chifukwa cha dzina lakuti Shakedown sindikuona chimene zikukuguliraniko, ndipo mawu ake akuti mtengo wake udzakwera m'tsogolo musawaike n'komwe m'mawerengero anu.

Tiyambe tatsegula boneti. Shakedown ndi imodzi mwa mitundu 7 yapadera imene kampani ya Dodge inatulutsa m'chaka cha 2023 pansi pa dzina lakuti Last Call, potsanzikana ndi Challenger ndi Charger zakale, fakitale ya ku Brampton m'dziko la Canada isanaleke kuzipanga mu December chaka chomwecho. Anapanga 1,000 zokha, 500 zotuwa ndi 500 zakuda za thupi lotambalala, ndipo mpaka apa wogulitsayo sanakunamizeni. Chimene sanakuuzeni n'chakuti injini yake ndi Hemi V8 ya malita 6.4 yotulutsa horsepower 485, yomweyo imene ili mu Scat Pack, mtundu wamba wa Challenger umene umadutsa pakhomo panu. Zimene anawonjezera ndi mizere ya pathupi, malamba ofiira, ulusi wofiira pamipando ndi zizindikiro zingapo. Ngakhale chipewa cholowetsera mpweya chija, chimene chimatulukira pakati pa boneti n'kumanjenjemera limodzi ndi injini, munthu ankatha kuchiitanitsa pa Scat Pack wamba zaka zambiri Shakedown isanabadwe. Kachitsulo kolembedwa Last Call kamene munakajambula pafupi kwambiri kaja kanamatidwa pa Challenger ndi Charger iliyonse ya 2023, kuyambira yotsika mtengo kwambiri mpaka yodula.

Sindikunena kuti magalimoto onse apadera ndi penti chabe. Challenger Demon 170, imene inatseka mndandanda wa Last Call, ndi chinthu chinanso: injini yake inalimbitsidwa pafupifupi paliponse kuti ipirire horsepower 1,025 ikamwa mafuta a E85 (ethanol wosakaniza ndi petulo pang'ono), inathamanga kotala ya mailosi m'masekondi 8.91, ndipo mtengo wake wa kufakitale unali madola 96,666. Buick GNX ya 1987, imene anapanga 547 zokha, inali ndi turbo yakeyake komanso miyendo yakumbuyo yosiyana ndi ya Buick Grand National wamba imene inachokerako. Magalimoto otere mutawakanda penti ndi kuchotsa zizindikiro zonse, makaniko akhoza kuwazindikirabe atagona pansi pake ndi tochi. Shakedown mutaichita zomwezo, chotsala ndi Scat Pack, ndiye mtengo wake woyenera uyambire pamenepo.

Tsopano nkhani imene ndikuona kuti ndiyo yakukopani kwenikweni, yakuti galimotoyo idzakhala chuma cha ana. Anthu amakonda kutchula Plymouth Hemi Cuda ya 1971 ya denga lotsegula, imene inagulitsidwa madola 3.5 miliyoni pa okushoni ku Seattle mu 2014. Koma taganizani chifukwa chake inasowa. Sizinapitirire 12 zimene zinapangidwa, osati chifukwa kampani inafuna kuti zikhale zapadera, koma chifukwa ogula anazithawa: injiniyo inali yodula, inshuwalansi ya magalimoto amphamvu inali itakwera, ndipo palibe amene ankalota kuti tsiku lina zidzafunidwa. Magalimoto ambiri a nthawi imeneyo anathamangitsidwa, anagundidwa, ena anaolera kuseri kwa nyumba, ndipo kutha kumeneko ndiko kunakweza mtengo wa otsalawo. Challenger yakuda ya 1970 yotchedwa Black Ghost inapitirira madola 1 miliyoni ku Indianapolis mu 2023 chifukwa inali ya Godfrey Qualls, wapolisi wa ku Detroit amene mbiri yake ya mipikisano ya usiku pa Woodward Avenue imakambidwabe, ndipo mbiri yotere fakitale siingaipange nthawi 300 monga inapangira Black Ghost yatsopano, ina mwa mitundu ya Last Call ija.

Lero zinthu zatembenuka. Pafupifupi aliyense amene anagula Last Call anamva nkhani zomwe inu mwamvazi, ndipo ambiri anaitsekera m'galaja mapulasitiki akadali pamipando. Tsiku limene mudzafune kugulitsa yanu mudzapeza anzanu ochuluka ali pamzere womwewo ndi magalimoto osayenda ngati yanu. Zoterezi zinachitikapo kale. Mu 1976 Cadillac Eldorado inalengezedwa kuti ndiyo galimoto yomaliza ya denga lotsegula ya ku America, anthu anagula pafupifupi 14,000, ambiri pamtengo wopitirira wa kufakitale, ndipo anazisunga. Mu 1984 kampani yomweyo inatulutsanso Eldorado ya denga lotsegula, eni ake ena anapita kukhothi ndipo sanaphule kanthu. Mawu akuti yomaliza amakhala oona kufikira tsiku limene kampani yaona kuti ogula akadalipo, ndipo mwamva nokha kuti mu 2025 Ram inalengeza kubweza injini ya Hemi m'mapikapu ake itaichotsa kumene.

Chinanso chimene chimandipweteka monga makaniko n'chakuti galimoto imadwala ndi kukhala. Zimene zimabwera kwa ife zitaima zaka sizikondweretsa maso. Petulo amasanduka utomoni wonunkha ngati vanishi ndipo amatseka pampu, malabala a injini amauma n'kuyamba kudontha mafuta tsiku loyamba limene injini yatentha, matayala amaphwatalala mbali imene inakhudza pansi kotero kuti chiwongolero chimanjenjemera m'manja, ndipo ukachotsa sefa ya mpweya umapeza chisa cha makoswe amene adya kale mawaya. Kupewa zimenezi kumafuna galaja youma, chotchajira batire ndi kusintha mafuta ngakhale simunayende, ndipo zonsezo mumalipira pa galimoto imene simukumva kukoma kwake. Mukati muziiyendetsa, kilomita iliyonse imadya mtengo uja munkauteteza.

Muwerengenso za mwezi ndi mwezi musanasaine. Bungwe la ku America lofufuza za inshuwalansi ya magalimoto, Highway Loss Data Institute, linapeza kuti pa magalimoto a 2020 mpaka 2022, Dodge Charger SRT Hellcat inkabedwa kuposa galimoto wamba nthawi zopitirira 60, ndipo ma Dodge ena a injini ya Hemi anali pamwamba pa mndandanda womwewo. Makampani a inshuwalansi ziwerengerozi amazidziwa, choncho afunseni mtengo lero, mutawapatsa nambala ya chasisi (VIN) ya galimotoyo. M'tauni injiniyo imayenda makilomita pafupifupi 6 pa lita imodzi, ndipo imafuna petulo wodula. Kwanuko misewu amaithira mchere nyengo yozizira, mcherewo ndiwo mayi wa dzimbiri, ndiponso galimoto yamphamvu chonchi yokoka ndi matayala akumbuyo okha si ya pachipale, ndiye mufunika ina yopitira kuntchito kwa miyezi ingapo chaka chilichonse. Ngati ndalama zake ndi za ngongole, chiwongoladzanja chokha chikhoza kumeza phindu lonse limene mukuliyembekezera.

Munatchulanso zodzabwera nayo kumudzi mukadzapuma pantchito. Challenger iliyonse inapangidwa ndi chiwongolero kumanzere, pamene ife timayenda kumanzere kwa msewu, msonkho wa injini yaikulu chonchi ndi wolemera, ndipo sipeya iliyonse mudzaidikira kuchokera kutsidya la nyanja. Ngati mtima uli pa galimoto yamtunduwu yoti idzayende kuno, Ford Mustang ndiyo imapangidwa ndi chiwongolero kumanja kuyambira 2015 ndipo imagulitsidwa ku South Africa.

Sindikukuletsani kugula V8, achimwene. Mwagwira ntchito zaka zambiri, ndipo munthu amene wakonda kulira kwa injini kuyambira ubwana alibe chifukwa chochitira manyazi ndi chikhumbo chimenecho. Ndingoti kuona maso a nkhono n'kudekha. Funani Scat Pack wamba ya 2021 mpaka 2023 imene mwini wake anaisamala ndipo ali ndi mapepala a sevisi, ndipo ndalama zimene mukanalipirira mizere muzisungire matayala ndi inshuwalansi. Ngati Shakedown yakuloweni mumtima moti simungagone, muuzeni wogulitsayo mtengo wa Scat Pack ya chaka chomwecho ndi makilomita omwewo, muwonjezerepo pang'ono chifukwa cha kukongola kwake, ndipo akakana muchoke. Iliyonse imene mungasankhe, muitengere kwa makaniko amene si wa wogulitsayo, aikweze m'mwamba, aone ngati m'kati mwa madigadi akumbuyo mwamatirira nyenyeswa za labala, chimene chimaulula galimoto imene ankaipsereza matayala, ndiponso aone ngati kompyuta ya injini inasinthidwapo, chifukwa zimenezo zimapha waranti.

Munditumizire chithunzi cha pepala la mtengo wa kufakitale ndi cha pansi pa galimotoyo musanapereke dipoziti, ndidzakuuzani zimene ndaona. Mupereke moni kwa alamu ndi ana.

Ine mnzanu,
Mabvuto